Chitipa United: timu yogwa n'kudzukanso, imene a ku Nthalire amangoimvera pa wailesi

Pamene ligi ya TNM ya chaka cha 2023 inkatha, maina atatu oyamba pa mndandanda anali omwe aja amene aliyense wotsata mpira akanawatchula asanatsegule n'komwe nyuzipepala: FCB Nyasa Big Bullets, Silver Strikers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Dzina lachinayi ndi limene linadzidzimutsa anthu. Inali Chitipa United, timu imene inali itangokwera kumene kuchokera mu ligi ya m'chigawo cha kumpoto, yopanda kampani yaikulu yoigwira mkono, ndiponso imene masewero ake apakhomo inkakasewerera m'boma la anzawo, ku Karonga. Pansi pake panatsalira matimu a asilikali ndi a boma, amene osewera ake amalandira malipiro mwezi ukatha. Chaka chomwecho Blue Eagles ya apolisi ndi Red Lions ya asilikali a ku Zomba zinathothoka mu ligi.

Ku Nthalire, kummwera kwenikweni kwa boma la Chitipa, m'mphepete mwa mapiri a Nyika, chimwemwe cha chaka chimenecho chinafika kudzera pa wailesi ndi pa foni. Anthu a kumeneko amene anaonako timuyi ndi maso awo ikusewera mu ligi yaikulu ndi owerengeka. Kuchoka pa Nthalire kukafika pa boma pa Chitipa pali makilomita oposa 100, ndipo gawo lalikulu la msewuwo ndi lafumbi. Kuchoka pa boma kutsikira ku Karonga ndi makilomita enanso pafupifupi 100. Munthu wofuna kukaonera mphindi 90 za mpira ankayenera kukonzekera ulendo wa masiku awiri kapena atatu, ndalama ya galimoto yopita ndi yobwerera, ya malo ogona ndi ya chakudya. Mlimi wa chimanga ndi nyemba sangataye ndalama yotere chifukwa cha mpira, ngakhale aukonde bwanji.

Komatu timuyi imasenza dzina la boma lonse, ndipo Nthalire ali m'boma lomwelo. Mbiri ya Chitipa United mu ligi yaikulu ndi yaifupi, koma muli zambiri zotiuza mmene mpira wa dziko lino umayendera kwa anthu amene ali kutali ndi Blantyre ndi Lilongwe.

Kukwera katatu, kugwa kawiri

Ligi yaikulu ya dziko lino inayamba mu 1986, ndipo kwa zaka 30 boma la Chitipa linkangoimvera patali. Matimu a kumpoto amene ankadziwika anali a mu mzinda wa Mzuzu, makamaka Moyale Barracks ya asilikali a ku Kaning'ina. Mpaka lero palibe timu ya m'chigawo cha kumpoto imene inatengapo ukatswiri wa ligiyi.

Chitipa United inatsegula chitseko mu 2016, pamene inapambana ligi ya m'chigawo cha kumpoto, imene anthu ankaitchula ndi dzina la mkulu wa zamalonda amene ankaithandiza, a Simama. Mu 2017 inalowa mu ligi ya TNM kwa nthawi yoyamba. Chaka chimenecho chinali chowawa. Ku Chitipa kunalibe bwalo lovomerezeka, la Karonga linali lisanayambe kulandira masewero a ligi, motero timuyi inkalandirira alendo ake ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 300 kuchokera kwawo. Kunena zoona, inasewera chaka chathunthu ili mlendo sabata iliyonse. Pamene Be Forward Wanderers inkanyamula chikho cha ligi kumapeto kwa chakacho, Chitipa United inali ikulongedza katundu kubwerera kumene inachokera.

Matimu ambiri a m'maboma akagwa chotere amatheratu. Osewera abwino amatengedwa, akomiti amatopa ndi ngongole, dzina limazimiririka. Chitipa United sinathe. Mu 2018 inapambananso ligi ya kumpoto, ndipo mu 2019 inabwerera pamodzi ndi Ntopwa ya ku Blantyre ndi Mlatho Mponela ya ku Dowa. Ulendo uno inali ndi bwalo la Karonga, lapafupiko, ndipo inapulumuka. Mlatho Mponela inatuluka chaka chomwecho pamodzi ndi Masters Security ndi Dwangwa United, koma Chitipa inatsala.

Kenako kunabwera mliri wa Covid-19. Ligi ya 2020, imene inayenera kuyamba mu Malichi, inaimitsidwa, n'kudzayamba mu Novembala ndi kutha m'chaka cha 2021. Miyezi imene mpira unaima, ndi ina imene anthu ololedwa kulowa m'mabwalo anali ochepa, inapweteka timu iliyonse, koma inapweteka kwambiri matimu amene amadya za pachipata ndi za m'matumba a anthu akufuna kwabwino. Ligiyo pokutha, Chitipa United inagwa kachiwiri, pamodzi ndi Mzuzu Warriors ndi Ntopwa. Mu 2022 inapambananso ligi ya kumpoto kachitatu, n'kubwerera mu 2023 pamodzi ndi Bangwe All Stars ndi Extreme FC.

Taonani zimene zinachitikira matimu ena amene anakwera kuchokera kumpoto m'zaka zomwezi. Rumphi United inalowa mu 2022 n'kutuluka chaka chomwecho. Baka City ya ku Karonga inalowa mu 2024 n'kutuluka chaka chomwecho. Umu ndi mmene zimakhalira kawirikawiri: timu imavina chaka chimodzi, ngongole n'kuimiza. Kuti Chitipa United inadzuka kawiri konse, osatha ngakhale chaka chopitirira chimodzi pansi, ndi umboni wakuti kumbuyo kwake kuli anthu amene safuna kuti dzina la boma lawo lichoke pa mndandanda. Ambiri a iwo sitiwadziwa maina. Ndi ochita malonda a pa boma, ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amene kwawo ndi ku Chitipa, ndi masapota wamba amene amasonkha kangachepe kuti basi inyamuke.

Chaka cha 2023

Chimene chinachitika mu 2023 sichinali mwayi wa tsiku limodzi. Ligi ya TNM inali ndi matimu 16, ndipo timu iliyonse inkasewera masewero 30. Munthu angapambane masewero amodzi kapena awiri mwamwayi, koma kukhala pakati pa matimu apamwamba kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto kumafuna timu yophunzitsidwa bwino ndi osewera omvana. Mphunzitsi anali a McNebert Kazuwa. Pagolo panali George Chikooka, amene anthu ambiri a kumwera ndi pakati anayamba kumumva chaka chimenecho. Bwalo la Karonga, ndi kutentha kwake kwa m'mbali mwa nyanja, linasanduka malo amene matimu akuluakulu ankapitako mtima uli m'mwamba. Timu yochokera ku Blantyre inkafika itatopa ndi ulendo wa makilomita oposa 800, n'kupeza anyamata othamanga osapuma ndi anthu ochemerera ndi mtima wonse.

Chinali chaka chimene Bullets, pansi pa a Kalisto Pasuwa, inasesa zikho zonse zinayi za m'dziko muno ndi kutenga ligi kachisanu motsatizana. M'chaka chotere, kutha pa nambala 4 kwa timu yongokwera kumene kunali chinthu chachikulu, ndipo kunaipatsa malo mu chikho cha Airtel Top 8 cha chaka chotsatira.

Koma m'dziko muno timu yosauka ikachita bwino imakhala ngati mlimi amene munda wake wabereka m'mphepete mwa msewu: aliyense wodutsa amathyolako. Chaka cha 2024 chisanayambe, a Kazuwa anapita ku Creck Sporting Club, timu yatsopano yokhala ndi mwini wake wa ndalama. Chikooka anapita ku Silver Strikers, kumene anakatenga ukatswiri wa ligi chaka chomwecho ndi kuitanidwa ku timu ya dziko lino, ya Flames. Chitipa United imene inatsala inakhala chaka chonse cha 2024 ikulimbana ndi kuti isagwe, ndipo inapulumuka pamene Baka City, Bangwe All Stars ndi FOMO zinatuluka.

Palibe woyenera kudzudzula wosewera kapena mphunzitsi amene wapita kumene malipiro amabwera pa nthawi yake. Mpira ndi ntchito, ndipo zaka za wosewera ndi zochepa. Mwendo ukathyoka lero, mawa palibe amene akamugulire ufa. Funso limene limandivutitsa ndi lina: kodi timu imene inamupatsa mwayi woonekera imatsala ndi chiyani? Ngati mapangano a osewera ndi achaka chimodzi, kapena osalembedwa bwino, wosewera amachoka ulele kapena pa mtengo wozizira. Matimu ang'onoang'ono a maiko ena amakhalira kugulitsa osewera, ndipo ndalama ya wosewera mmodzi imayendetsa timu chaka chathunthu. Kwathu kuno timu ya m'boma imalera, wina n'kudzakolola.

Mtengo wa kukhala kumalire

Tikamakamba za ligi, timakonda kunena kuti matimu onse ndi ofanana chifukwa m'bwalo mumalowa anthu 11 mbali iliyonse. Kunja kwa bwalo kulibe kufanana kulikonse. Bullets, imene inakhazikitsidwa mu 1967, ili m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing, ndipo banki ya First Capital inaikapo dzina lake. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank of Malawi. Wanderers, ya 1962, ili ndi a Thomson Mpinganjira. Moyale Barracks, Kamuzu Barracks ndi Mafco ndi za asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, Civil Service United ndi ya boma. Matimu amenewa ali ndi basi, ali ndi malo ochitira zokonzekera, ndipo osewera ambiri a matimu a asilikali ndi apolisi ali pa ntchito yokhazikika.

Tsono ikani pambali pawo timu imene kwawo ndi ku Chitipa, kumalire ndi Tanzania ndi Zambia, kumene Tunduma ndi Nakonde zili pafupi kuposa Mzuzu. Pa masewero 30 a ligi, 15 ndi akoyenda, ndipo ambiri mwa amenewa ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuchoka ku Chitipa kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000: kutsika mapiri mpaka Karonga, kutsata nyanja mpaka Chiweta, kukwera chitunda choopsa chija, Mzuzu, Chikangawa, Jenda, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Zalewa. Osewera ndi akuluakulu awo, anthu oposa 25, ayenera kudya ndi kugona panjira. Nthawi zambiri timu yotere imasewera masewero awiri pa ulendo umodzi, Loweruka ndi Lamulungu kapena motalikirana masiku ochepa, kuti ipulumutse ndalama ya mafuta, ndipo miyendo ya osewera ndi imene imalipira.

Ndalama ya kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse chimene timu imagula unakwera: dizilo, malo ogona, nsapato, mayunifolomu, ngakhale mipira yeniyeniyo. Onjezani masiku amene mafuta amasowa, pamene basi imagona pamzere wa pa filing'i siteshoni m'malo monyamula osewera. Kampani ya TNM inakweza thandizo lake ku ligi kufika pa K500 miliyoni mu 2024, ndipo chimenecho chinali chinthu chabwino. Koma ndalama yogawira matimu 16, mphoto ndi kayendetsedwe ka ligi singakwanire kuyendetsa timu imene ulendo wake uliwonse ndi wautali kuposa wa anzake onse. M'maganizo anga, bungwe loyendetsa ligi la Sulom ndi bungwe la mpira la FAM, limene a Fleetwood Haiya akhala akulitsogolera kuyambira mu Disembala 2023, akuyenera kuwerengera mtunda pogawa thandizo. Timu yoyenda makilomita 1,000 ndi timu yokwera minibasi kuchoka ku Area 47 kupita ku Area 9 mu Lilongwe momwemo sizingalandire mofanana n'kumati chilungamo chachitika.

Nkhani ya bwalo nayo ndi ya ndalama. Ndalama za pachipata zimagawidwa pakati pa mwini bwalo, matimu osewera ndi mabungwe oyendetsa mpira, apolisi ndi ena ogwira ntchito patsikulo atalipidwa kale. Zaka zonse zimene Chitipa United inkasewerera ku Karonga, gawo la mwini bwalo linkatsala ku Karonga. Amayi ogulitsa nsima ndi nsomba, eni malo ogona alendo, anyamata a kabaza, onse amene ankapindula pa tsiku la mpira anali a ku Karonga. A ku Chitipa ankalipira galimoto kuti akaonere timu yawo ili "pakhomo". N'chifukwa chake kulira kwa anthu a m'bomali pa zaka zonsezi kunali kwa bwalo lawolawo, ndipo kulira kumeneko kunali koyenera.

Kodi Nthalire ali pati?

Koma ngakhale mpira useweredwe pa boma penipeni pa Chitipa, munthu wa ku Nthalire amakhalabe kutali. Msewu wochokera ku Rumphi, wodutsa ku Nyika, Nthalire ndi Wenya mpaka ku Chitipa, wakhala ukulonjezedwa phula ndi maboma osiyanasiyana. Nthawi ya chisankho ikayandikira umatchulidwa pa nsanja iliyonse. Msewu wa Karonga-Chitipa unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, ndipo aliyense anaona mmene unasinthira malonda a pa boma. Kummwera kwa bomali anthu akudikirabe. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Epulo, galimoto zimatitimira m'matope, mitengo ya ulendo imakwera, ndipo mayi woyembekezera amene atumizidwa ku chipatala chachikulu cha pa boma amayenda maola ambiri moyo uli pachiswe. Poyerekeza ndi zimenezi, mpira ndi nkhani yaing'ono. Koma msewu umene umalepheretsa ambulansi ndi womwewo umene umalepheretsa mnyamata waluso wa ku Nthalire kuti mphunzitsi wa timu ya boma lake amuone.

Pajatu mpira ku Nthalire uliko. Pa bwalo la sukulu iliyonse pali magolo a mitengo. Dzinja likatha, matimu a m'midzi amayenda wapansi kapena pa njinga kukasewera ndi anzawo, ndipo Lamulungu masana, anthu akaweruka ku tchalitchi, bwalo limadzaza. Pali mipikisano ya mabonanza imene andale amakhazikitsa, makamaka chisankho chikayandikira, n'kuiiwala mavoti akawerengedwa. Anyamata ambiri amasewera opanda nsapato mpaka atakula. Usiku amakhamukira m'nyumba zoonetsera kanema pa msika kukaonera Arsenal, Chelsea, Liverpool ndi Manchester United, mothandizidwa ndi magetsi a dzuwa kapena jenereta. Mwana wa ku Nthalire angakutchulireni osewera onse a timu ya ku London, koma a Chitipa United sanawaonepo nkhope. Cholakwa si cha mwanayo ayi. Timu ya ku London imafika pa msika wake sabata iliyonse, pamene ya boma lake siifika.

Apa ndi pamene ndikuona kuti Chitipa United ili ndi chuma chimene sinachikumbe mokwanira. Pa kalembera wa 2018, boma la Chitipa linali ndi anthu oposa 230,000. Ndi boma la zinenero zambiri kuposa lina lililonse m'Malawi muno: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, ndipo kummwera, ku Nthalire, Chitumbuka. Anthu a kwa Mwabulambya, kwa Kameme, kwa Mwenemisuku, kwa Mwenewenya ndi kwa Nthalire amasiyana malankhulidwe, magule ndi mbewu zimene amalima. Zinthu zimene onsewa angazitchule kuti n'zathu si zambiri. Timu ya mpira ndi chimodzi mwa izo, ndipo mu 2023 aliyense wa kwawo ku Chitipa, kaya ali ku Ndirande kapena ku Johannesburg, ankayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha dzina lomweli.

Chikondi chotere chingasanduke ndalama yodalirika ngati chitakonzedwa bwino. Masiku ano Airtel Money ndi Mpamba zafika m'misika ya kumidzi. Timu itakhala ndi kaundula wa mamembala, makhadi, ndi nthambi za masapota ku Nthalire, Wenya, Chisenga, Misuku, Kameme ndi m'mizinda, aliyense n'kumapereka kangachepe mwezi ndi mwezi, sipangakhalenso kuyenda ndi mbale yopemphera sabata iliyonse ulendo ukayandikira. Koma anthu amapereka kumene akuona mmene ndalama yawo yayendera. Komiti iyenera kumawerengera anthu ndalama zolowa ndi zotuluka poyera, pa msonkhano wa pachaka, ndi kumata lipotilo pamene aliyense angaliwerenge. Ndipo anthu amapereka mosavuta kwa timu imene anaionapo. Nthawi yokonzekera ligi, misewu ikauma, n'chiyani chingaletse timuyi kukachita masewero opimana mphamvu pa bwalo la ku Nthalire, kusewera ndi anyamata osankhidwa a m'deralo, ndi kubwerako ndi awiri kapena atatu oti akayesedwe? Ulendo umodzi wotere ungakumbukidwe zaka zambiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo wa ku Blantyre.

Palinso makampani amene amapindula ndi dera lino. Khofi wa ku Misuku amagulitsidwa mpaka kunja kwa dziko. Mgodi wa Kayelekera, umene kampani ya Paladin inkakumbamo miyala ya yureniyamu kuyambira 2009 mpaka 2014 ndipo tsopano uli m'manja mwa Lotus Resources, uli m'mbali mwa msewu womwe basi ya timuyi imadutsa popita ku Karonga. Makampani ogula fodya, chimanga ndi nyemba amatumiza malole awo mpaka ku Nthalire nyengo yokolola ikafika, msewu woipa womwewo osawaletsa. Mabanki ndi makampani a mafoni ali ndi makasitomala m'boma lonse. Aliyense wa amenewa ataika dzina lake pa malaya a timuyi, dzinalo lingamveke pa wailesi sabata iliyonse kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Ligi nayo yasintha. Kuyambira mu 2025 pakati pa ligi yaikulu ndi maligi a m'zigawo pali ligi ina ya dziko lonse, yothandizidwa ndi banki ya NBS. Izi zikutanthauza kuti timu yogwa lero sibwereranso ku maulendo afupiafupi a m'chigawo chake momwe Chitipa United inkachitira mu 2018 ndi mu 2022. Imapitirizabe kuyenda dziko lonse, koma anthu olowa pachipata ali ochepa ndipo Bullets ndi Wanderers sizibwera kudzadzaza bwalo. Kugwa tsopano n'kodula kuposa kale, ndipo njira imene inapulumutsa timuyi kawiri konse, yosonkherana mwadzidzidzi zinthu zikathina, singadaliridwenso.

Kwa akomiti a Chitipa United, pempho ndi lakuti mupite ku Nthalire ndi timu yonse, mukalembe mamembala ndi kuona anyamata. Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala a m'bomali, ndalama imene mumathira m'mabonanza a chaka cha chisankho ingachite zambiri itapita ku ligi yokhazikika ya achinyamata, yoseweredwa chaka ndi chaka m'madera a mafumu onse. Ndipo kwa inu a kwathu ku Chitipa amene mukugwira ntchito m'mizinda, musadikire kuti timu ifike pa nambala 15 kuti muyambe kuimbirana mafoni. Funsani komiti lero kuti khadi la umembala ndi ndalama zingati.